Buleki ya galimoto yamagetsi pa mtsetse wa Manenekera

Mnyamata wina woyendetsa takisi ku Kapata anabwera ku galaja kwathu ndi kagalimoto ka hybrid, koyendera petulo ndi magetsi omwe, nkhope ili gwa. Akuti, "Amdala, motoka iyi ndikaponda buleki pa hampu imachita ngati yandipulumuka m'manja, kenaka ndiye n'kugwira." Titachotsa tayala lakumbuyo tinapeza mapadi akadali onenepa ngati ogula dzulo, koma disiki ili psuu ndi dzimbiri, timapini ta kalipa, chitsulo chopanira mapadi pa disiki, titauma moti tinachita kutikhoma ndi hamala. Iye nkuti, "Nanga buleki yosatha mapadi ingavute bwanji?"

Funso limeneli ndi limene landilembetsa lero. Galimoto zamagetsi zayamba kuoneka ku Lusaka, ndipo ma hybrid monga Aqua ndi Prius adzaza kale m'misewu ya Chipata. Kaimidwe ka zonsezi n'kamodzi.

Galimoto yotere ili ndi mabuleki awiri. Mukachotsa phazi pa moto, kapena mukaponda buleki pang'ono, mota yomwe imazunguza matayala imasanduka jenereta: imakoka galimoto kuti ichepetse liwiro uku ikubweza magetsi mu batire. Buleki yachiwiri ndi yomwe tinazolowera, ya mafuta, mapadi ndi disiki. Phazi lanu silisankha yoti igwire ntchito. Imasankha ndi kompyuta, ndipo mavuto ambiri amabadwira pamene buleki yoyamba ikupatsira ntchito inzake.

Zimene anamva mnyamata uja si zachilendo. Tayala likadumpha pa hampu kapena likaterereka pa mchenga, ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika poponda buleki, imalowerera, mota imasiya kukoka, ndiye pamakhala kamphindi kochepa mapadi asanalume. Mu February 2010 kampani ya Toyota inaitanitsa ma hybrid oposa 400,000 padziko lonse, ambiri a Prius, kuti ikonze pulogalamu ya buleki chifukwa cha kamphindi komweka. Mukamva zotere musachotse phazi. Pondani kwambiri.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ine ndi mtsetse. Aliyense amene anayendapo pa Great East Road amadziwa mmene msewu umakhotakhotera ku Manenekera ndi potsikira ku mlatho wa Luangwa. Mota imatha kugwira galimoto pokhapokha batire ikakhala ndi malo olandirira magetsi. Batire ikadzaza, zili ngati nkhokwe yodzaza kale: chimanga china mulibe pochiika. Kompyuta imachepetsa kukoka kwa mota, katundu yense n'kugwera mapadi, omwe aja akhala miyezi akungogona m'dzimbiri. Onjezani kuti galimoto yamagetsi imalemera kuposa inzake ya petulo ya msinkhu womwewo chifukwa cha batire. Mapadi akatentha, mafuta a buleki akale omwe anamwa chinyezi amawira, pedulo n'kumangolowa pansi ngati mwaponda nsima. Ndiye ngati mukudziwa kuti ulendo uyamba ndi mtsetse wautali, musatchaje mpaka pakamwa. Ma hybrid ambiri ali ndi giya yolembedwa B, yomwe imalola injini kuthandiza kugwira galimoto potsika, ndipo ntchito yake ndi imeneyi.

Nazo zatsopano, zongotuluka m'fakitale, sizosiyidwa. Mu 2025 Volvo inaitanitsa zina mwa galimoto zake zamagetsi ndi ma hybrid otchaja, itapeza kuti buleki ikhoza kusiyiratu kugwira galimoto ikatsetsereka kwa mphindi imodzi ndi masekondi 40 dalaivala akudalira mota yokha. Panalibe chitsulo chothyoka. Cholakwika chinali mu pulogalamu ya kompyuta. Mphindi imodzi ndi masekondi 40! Ku Manenekera nthawi imeneyo imatha musanafike n'komwe pakati pa phiri.

Mbali yoyendetsa matayala ili ndi zakezake, ngakhale zitsulo zake n'zochepa kuyerekeza ndi za petulo. Vuto lofala ndi galimoto kutha mphamvu mwadzidzidzi ili pa liwiro. Mu 2024 Hyundai ndi Kia anaitanitsa Ioniq 5, EV6 ndi zina chifukwa kachipangizo kotchaja batire yaing'ono ya 12V kamawonongeka. Anthu amadabwa kumva kuti galimoto yonyamula batire yaikulu chonchija ingaime chifukwa cha kabatire wamba, koma ndi komwe kamadyetsa makompyuta, magetsi ndi pampu ya buleki. Nyali yofiira ya batire ikayaka, patukani pomwepo pamene chiwongolero chikumverabe.

Ikaima, musaimangirire chingwe kumbuyo kwa Canter monga timachitira ndi Corolla. Matayala akamazungulira amazunguzanso mota, mota n'kumapanga magetsi opanda kolowera, ndipo mukhoza kupsereza inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, yomwe mtengo wake umaliza mwamuna wamkulu. Ikwezeni yonse pa lole. Mawaya a mtundu wa lalanje nawonso asakhudzidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi, ngakhale akhale mlamu wanu wodziwa kukonza wailesi. Mu Nissan Leaf mumadutsa mavoti oposa 300.

Kuno kwathu chimatipweteka china. Galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan zitagwira kale ntchito, n'kulowera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde. Kampani ikapeza cholakwika imalembera kalata mwini wake wa kumeneko, osati inu a ku Mchini kapena ku Katete. Pepala la fitness la RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, nalo silikuuzani ngati pulogalamu ya buleki inakonzedwa. Choncho musanapereke ndalama, tengani nambala ya chasisi, muifufuze pa tsamba la intaneti la kampani yomwe inapanga galimotoyo, muone ngati inaitanidwapo komanso ngati ntchitoyo inachitika.

Mnyamata wa ku Kapata uja tinamutsukira makalipa, kupaka girisi timapini, n'kusintha mafuta a buleki omwe anali atada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinamuuza kuti azisintha mafutawo zaka ziwiri zilizonse, ndipo kamodzi pa sabata, pa msewu woongoka wopanda anthu, aziponda buleki mwamphamvu kawiri katatu kuti mapadi apale dzimbiri.