Kagulugufe kamene kamaumitsa geranium m'magadeni a ku Johannesburg

Amene mumasamala magadeni kuno ku Joni mwaonapo nthambi ya duwa la geranium itada n'kufota pomwe madzi mukuthirira bwinobwino. Ambiri amathamangira kunena kuti mizu yaola. Kawirikawiri wolakwa amakhala kagulugufe kotchedwa geranium bronze, kapena Cacyreus marshalli pa dzina la sayansi.

Ndi kakang'ono zedi. Kakatambasula mapiko sikafika masentimita atatu. Pamwamba ndi kofiirira mwakuda, m'mphepete muli mzere woyera wa madontho, ndipo phiko lililonse lakumbuyo lili ndi kamchira. Kamauluka chapansipansi n'kumatera pafupipafupi padzuwa. Kwawo ndi kuno kummwera: South Africa, Lesotho, Eswatini, Botswana, Zimbabwe ndi Mozambique. Cha m'ma 1990 kanapezeka pa chilumba cha Mallorca, ku Spain, katapita ndi maluwa ogulitsa, ndipo kanafalikira kummwera kwa Ulaya, kumene kamaononga kwambiri chifukwa kulibe tizilombo tokadya. Kuno timavu ting'onoting'ono timakachepetsa.

Kakakazi kamaikira dzira limodzilimodzi, loyera, pa duwa losamasula kapena kunsi kwa tsamba. Pakatha pafupifupi sabata, mbozi imaswa n'kuboola duwalo. Ikakula imalowa m'nthambi n'kumadya za m'kati. Ndi yobiriwira, yaubweya, ya timizere tofiirira, choncho pa tsamba siioneka msanga. Ikakhuta imasanduka chikwa pa chomera pomwepo kapena m'masamba ogwa. Kukamatentha, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe pamatenga mwezi ndi masiku ochepa, koma kukazizira imakwana miyezi iwiri. N'chifukwa chake vutoli limakula m'chilimwe ndi m'dzinja, n'kuzilala mu June ndi July.

Apa ndi pamene ndalama za abwana zimatayikira: kupopera mankhwala pamwamba mbozi ili kale m'kati. Mankhwalawo saifikira, amangopha njuchi ndi timavu tija.

Chothandiza ndi maso. Kamodzi pa sabata yang'anani kabowo kakang'ono pa nthambi, kokhala ndi tizitosi takuda pakhomo pake. Finyani nthambiyo pang'ono. Ikabonyoka ngati bango, dulani mmunsi mwa bowolo kufikira pamene m'kati muli mobiriwira ndi molimba. Zodulazo muzimange m'pulasitiki n'kutaya m'bini, osati pa kompositi, chifukwa mbozi imamaliza kukula momwemo. Maluwa obooledwa athotholeninso. Ndipo pogula mbande ku nazale, tembenuzani masamba muone ngati mulibe mazira musanalipire.