Rome, Florence, Venice: yambani mwafunsa pomwe sitima imaima

Anthu obwera ku ofesi kwathu kudzakonzetsa ulendo wawo woyamba wa ku Italy amafika atasankhiratu hotela pafoni. Bedi loyera mbee, mtengo wotsika, mtima m'malo. Ine funso langa limakhala limodzi: mukatsika sitima ndi sutikesi ya makilogalamu 23, mukafika bwanji pakhomo pa hotelayo? Ambiri amangoti kukamwa yasa.

Ulendo wa mizinda itatu umavuta pa tsiku losamuka. M'mahotela ambiri amakutulutsani cha m'ma 11 koloko m'mawa, pomwe kumene mukupitako chipinda amapereka 2 kapena 3 koloko masana. Maola apakatiwa inu ndi katundu muli pamsewu. N'chifukwa chake mapu ndimawayang'ana kuyambira pa siteshoni, zithunzi za chipinda pambuyo.

Ku Rome zonse zimakumana pa siteshoni ya Termini. Sitima ya Leonardo Express yochokera pabwalo la ndege la Fiumicino imafika pamenepo m'mphindi 32, ndipo sitima zothamanga zopita ku Florence zimanyamukira pomwepo. Dera lake si lokongola kwenikweni, ndipo opisa m'matumba ndi ambiri, koma kwa mlendo wotopa ndi ndege yodzera ku Addis Ababa, kuyenda pansi mphindi zisanu n'kugona ndi mwayi waukulu. Amene cholinga chawo ndi Vatican, makamaka ofuna kukaona Papa Lachitatu m'mawa, angakwere sitima yapansi pa nthaka ya mzere A n'kutsikira pa Ottaviano, siteshoni yachisanu ndi chimodzi. Ziliponso nyumba za alendo zoyendetsedwa ndi asisitere, zaukhondo komanso zotsikirapo mtengo. Kungoti zambiri zimatseka geti usiku, ndiye funsiranitu ola lake.

Florence sindichedwapo. Kuchokera ku Rome ndi ola limodzi ndi theka, mzindawo ndi waung'ono, ndipo kuchoka pa siteshoni ya Santa Maria Novella kufika ku tchalitchi chachikulu cha Duomo ndi mphindi 10 wapansi. Chofunsa ndi chimodzi: nyumbayo ili ndi chikepe? Nyumba zambiri ndi zakalekale, ndipo chipinda chapamwamba chimatanthauza kusenza sutikesi pamasitepe.

Venice ndi kumene anthu amalira. Masiteshoni ndi awiri: Venezia Mestre kumtunda, ndi Venezia Santa Lucia pachilumba penipeni. Galimoto zimathera polowera pachilumbapo; m'kati mwake mulibe galimoto, ngakhale takisi ya matayala. Pali ngalande, mabwato ndi milatho yoposa 400, yambiri ya masitepe. Hotela imene pamapu ikuoneka pafupi ingakhale kuseri kwa milatho isanu, ndipo pa mlatho uliwonse sutikesi mumachita kunyamula. Bwato lonyamula anthu, lomwe eni ake amati vaporetto, limadula kwambiri poyerekeza ndi basi. Ku Mestre zipinda n'zotchipa, ndipo sitima yowoloka kupita pachilumba imatenga mphindi 10 zokha kapena kuposa pang'ono. Komabe kwa munthu wogona usiku umodzi kapena uwiri, ine ndimati alipire zochulukirapo agone pachilumba, dera la Cannaregio kufupi ndi siteshoni. Madzulo alendo ongobwera masana akabwerera, mzindawo umakhala zii, ndipo Venice ameneyo wogona ku Mestre samuona.

Pa ndalama, dziwani kuti mtengo wa pa intaneti nthawi zambiri suphatikiza msonkho wa alendo. Mizinda itatu yonseyi imadula msonkhowu pa munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo mumalipirira pahotela pomwepo, kwina amafuna ndalama yapamanja. Pasipoti nayo amaifuna polembetsa, ndi lamulo la dzikolo, musadabwe.

Popempha viza ya Schengen, yomwe ndi yolowera ku Italy ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, amafuna umboni wa kogona usiku uliwonse wa ulendo wanu, wopanda mpata. Choncho sungitsani zipinda zimene mungazikane popanda kulipira, chifukwa viza ingachedwe kapena kukanidwa. Ndipo ngati ndege yobwerera ikunyamukira ku Fiumicino, usiku womaliza kagoneni ku Rome. Kuchokera ku Venice ndi ulendo wa maola pafupifupi anayi pasitima, ndipo ogwira ntchito za sitima ku Italy sachedwa kunyanyala.