Mwana akamangodwala chibayo osakula, timumvetsere mtima

Kuno ku Dedza kukazizira mu June ndi July, mwana aliyense wopuma mothamanga timathamangira kunena kuti ndi chibayo, ndipo ambiri chimakhaladi chibayo. Koma pali ana ena amabwera mobwerezabwereza, sikelo siikukwera, akamayamwa thukuta lili kamukamu pamphumi kenako bere amalisiya asanakhute, amenewa ine ndimafuna tiwamvetsere pachifuwa modekha chifukwa vuto litha kukhala mtima.

Limodzi mwa mavuto otere, ngakhale ndi losowa kwambiri, ndi fistula ya mitsempha ya mtima, osati ija ya amayi pobereka ayi. Mtima uli ndi mitsempha yakeyake iwiri yomwe imaudyetsa magazi, ndiye ana ena amabadwa ndi kanjira kolakwika kochoka mumtsemphamo kukathira magazi mkati mwa mtima, kawirikawiri mbali ya kumanja, kapena mumtsempha wopita kumapapo. Zili ngati ngalande yothirira kachewere kudimba yabooka pakati, madzi akuthawira kumbali mizere yakumapeto ikufota. Mnofu wa mtima umaperewedwa magazi, mapapo akulandira ochuluka, mtima nkumatopa ndi kutupa.

Tikamvetsera timamva kaphokoso kosalekeza, koma khutu lokha silokwanira chifukwa kamafanana ndi ka vuto lina lotchedwa PDA, pomwe kanjira kolumikiza mitsempha ikuluikulu iwiri yochoka kumtima sikanatsekeke mwana atabadwa. Pamafunika echo, kujambula mtima ngati sikani ya amayi oyembekezera ija, siyopweteka olo pang'ono. Tikakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe chonde pitani, ndikudziwa thiransipoti ndi yovuta koma musayambe mwakamutemera mphini pachifuwa, mphini sizitseka mtsempha.

Kanjira kakakhala kakang'ono ndipo mwana akukula bwino timangomuona pafupipafupi, tina timatsekeka tokha. Kakakhala kakakulu timayamba ndi mankhwala okodzetsa monga furosemide kuti mapapo apepuke, koma mankhwalawa sachiza, kanjirako kamayenera kutsekedwa. Madokotala amalowetsa kapaipi kopyapyala mumtsempha wa pamphechepeche mpaka kukafika kumtima nkutseka ndi timawaya kapena kachotsekera, zikakanika ndiye opaleshoni yotsegula chifuwa, ndipo zambiri mwa izi zimafuna kutumizidwa kunja monga ku India.

Akatseka sikuti basi zatha. Mtsempha womwe unali ndi kanjirako umatha kutsala utatanuka, magazi atha kuundanamo, nchifukwa chake ena amapatsidwa aspirin ndipo echo amabwereza. Mano a mwanayo muziwasamala, tizilombo ta mkamwa timatha kukafika kumtima, ndipo akatentha thupi masiku angapo malungo osapezeka, auzeni achipatala za mtimawo musanafunsidwe.