Kusunga chuma ndi kukundika chuma, malire ake ali pati?

Ramadhan ikamayandikira ofesi yanga imadzaza ndi anthu a magolosale ndi ma hardware, ntchito yanga ndi yowerengera anthu ndalama za bizinesi nde ambiri amabwera ndi makope awo othimbirira aja kuti tione Zakaat ikwana zingati. Chaka chatha kunabwera bambo ena achikulire, mashopu awiri, atangokhala pansi akuti "achimwene ine ndimapereka kale, Lachisanu lililonse potuluka mu mzikiti ndimagawa ma K500 kwa opempha aja." Ndinawauza kuti bambo musasiye, koma imeneyo ndi sadaka, mumapereka mwa kufuna kwanu. Zakaat ndi ina, ndi gawo la osauka lomwe lili m'chuma chanu, ndipo mukapanda kulichotsa ndekuti mukusunga ndalama za eni.

Apa mpamene pagona nkhani ya kukundika chuma. Mu Qur'an, Surah At-Tawbah ndime 34 ndi 35, Allah akunena za anthu okundika golide ndi siliva osapereka pa njira yake, kuti tsiku lachiweruzo chumacho chidzatenthetsedwa pa moto nkuwawotcha nacho pamphumi, m'nthiti ndi kumsana. Ndime zowopsa zedi, ndipo ngakhale ma Swahaba, anzake a Mtumiki Muhammad (S.A.W), anasiyana pozimva. Abu Dharr ankaona kuti chuma chilichonse choposa zosowa zako nchoopsa kuchisunga, mpaka anasemphana ndi Muawiya ku Shaam (Syria) pa ndime yomweyi. Koma Ibn Umar anafotokoza kuti chuma chomwe Zakaat yake yaperekedwa sichiwerengedwa ngati chokundikidwa, ndipo ma ulama (akatswiri a chipembedzo) ambiri anatsata zimenezi. Ndekuti kukhala ndi akaunti ku banki si tchimo ayi, kusungira ana fizi si tchimo, Mtumiki (S.A.W) yemwe ankasungira banja lake chakudya cha chaka chathunthu.

Masamu ake ngosavuta olo anthu amawaopa. Chuma chikafika pa nisab, womwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, nkukhala nacho chaka chathunthu pa kalendala ya Chisilamu, mumachotsa 2.5 peresenti. K25 pa K1,000 iliyonse basi, pa K2,000,000 ndi K50,000. Mumaphatikiza za m'thumba, za ku banki, za pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu wa pa shelefu pa mtengo wogulitsira lero, ndi ngongole zomwe mukudziwa kuti anthu abweza, kenako muchotse ngongole zanu zomwe zafika nthawi yobweza. Nyumba yogona, galimoto yoyendera, mashelefu ndi firiji ya mu shopu sizilowa. Chomwe ndimakumbutsa anthu nchoti nisab imayenda ndi mtengo wa golide ndi siliva, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ena anapitirizabe ndi nambala yakale yomwe anaimva kwa shehe zaka zapitazo, ayi funsani mtengo wa chaka chimenecho.

Alimi nawo ali ndi yawo ndipo iyi siidikira chaka, imaperekedwa pokolola. Zokolola zikafika pafupifupi makilogalamu 653, tingoti matumba 13 a 50kg, munda wodalira mvula mumachotsa 10 peresenti, wothirira molipira ngati wa pampu ya injini 5 peresenti. Mbuzi zikakwana 40 imachoka imodzi.

Tibwerere kwa bambo aja. Tikuwerengera ndinaona tsamba lina lalembedwa chimanga, ndinafunsa, akuti eya ndinagula kwa alimi nthawi yokolola chili motsika, chili mu shedi ndikudikira February. Apa ndinaika peni pansi kaye. Kugula ndi kusunga pakokha si vuto, bizinesi ndi yomweyo, koma chilipo chomwe chimatchedwa ihtikar, kubisa chakudya dala pomwe anthu akuchisowa kuti mtengo ukwere kaye, ndipo m'buku la Sahih Muslim muli hadith (mawu a Mtumiki) yoti wochita zimenezi ndi wochimwa. Tonse timadziwa momwe January ndi February amakhalira kumudzi, mayi kuyenda mtunda ndi kathumba kukasaka chigoba chimodzi cha chimanga, pomwe shedi ya Msilamu mnzake ili ndi loko. Ine maganizo anga, olo mutapereka Zakaat yonse bwinobwino, simungatseke khomo nthawi ngati imeneyo nkumati ndayera. Qarun, munthu wolemera wa mu Surah Al-Qasas uja, makiyi okha a mosungira chuma chake ankalemera gulu la amuna amphamvu, anthu ake atamulangiza anayankha kuti chumachi ndachipeza ndi nzeru zanga, nthaka inamumeza pamodzi ndi nyumba yake. Mawu ngati amenewo a "ndi thukuta langa" ndimawamva pafupipafupi mu ofesi muno.

Za woilandira, ndime 60 ya At-Tawbah yomweyo yatchula magulu 8, mwa iwo osauka, osowa, a ngongole ndi a paulendo omwe zawathera. Makolo anu, ana anu ndi akazi anu sapatsidwa Zakaat poti kuwasamala ndi udindo wanu kale, koma mchemwali wanu wamasiye kapena mphwanu wovutika mutha kumupatsa ndipo ndi bwino kuyambira komweko. Chonde osamujambula nkuika pa Facebook, Al-Baqarah ndime 264 ikuletsa kuononga chopereka pochikumbutsa ndi kupweteka mtima wolandira.

Bambo aja tinawerengera zonse, chimanga chinalowanso pa katundu wa malonda pa mtengo wa tsikulo, nambala itatuluka anaiyang'ana kanthawi nkuseka, akuti "achimwene mwandidula." Anapinda pepalalo nkuliika mu kope, potuluka anandifunsa ngati angathe kupereka gawo lina ngati matumba m'malo mwa ndalama, ndinati ma ulama ena amalola ngati wolandirayo ndi chimene akusowadi, koma akafunsenso shehe wa pa mzikiti wawo.