Chenjezo kwa Eni Abulu: Oyilo Wakuda Sapoletsa Chilonda cha M'mwendo

Uthenga uwu ukupita kwa inu abambo ndi amayi oweta abulu, anyamata oyendetsa ngolo, ndi ochepa aja osunga akavalo m'boma lino la Dedza, kuyambira ku Linthipe, Lobi, Bembeke mpaka kumunsi ku Golomoti ndi Mtakataka.

Mvula ikangoyamba abulu a zilonda m'miyendo amachuluka, ndipo mawu aja amabwereranso, akuti oyilo wakuda wa kuchigayo kapena wa m'galimoto amaumitsa bala ndi kuthamangitsa ntchentche. Chaka chino afalanso. Limeneli ndi bodza, ndipo likupundula abulu amene akanachira bwinobwino.

Zobweretsa zilonda mukuzidziwa kale: chingwe cha nayiloni chomangirira pamwamba pa chiboda, waya waminga, lata lakutha, chitsa, mateche a abulu okhaokha, ngolo yodzaza mbatatesi kugunda miyendo yakumbuyo potsetsereka. Pamenepa sitichedwapo. Chofunika n'chakuti mugwire nokha mwendo wa bulu wanu kuchokera pabondo kutsika kuchiboda. Mulibe mnofu mmenemo. Ndi chikopa, pansi pake mitsempha ndi fupa basi. Magazi amafikako pang'ono, malowo amapindika nthawi iliyonse bulu akaponda, ndiponso ali pafupi ndi matope ndi ndowe. N'chifukwa chake bala loti pantchafu likanapola msanga, kumunsi kuno limatha masabata ambiri, mwina miyezi.

Ndiye pamalo ovuta chonchi munthu n'kuthirapo oyilo! Oyilo amapha kamnofu katsopano kamene kamafuna kutseka bala. Amamata mchenga ndi zinyalala mkati, n'kuphimba pamwamba, moti mafinya akuchuluka inu osaona. Mukaona pauma n'kuda mumati papola, pamene pansi pakuwola. Asidi wa m'batire ndiye amawotcheratu mpaka mtsempha. Phulusa, ndowe, tsabola, dothi la pachulu, zonsezi ayi ndithu.

Choopsa kwambiri ndi kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timaswana m'bala lakuya losalowa mpweya, ngati lomwe lamatidwa oyilo lija. Abulu ndi akavalo sachedwa kugwidwa nako kusiyana ndi ng'ombe. Kamaonekera pakatha sabata imodzi mpaka atatu: bulu amauma thupi, makutu ali njo, mchira wautambasula, nsagwada zagwirana, udzu uli pakamwa koma osatafunika, ndipo kaphokoso pang'ono amadzidzimuka n'kukungika thupi lonse. Zikafika apa ambiri sapulumuka. Jekeseni woteteza amathandiza bala likadali latsopano, osati bulu atauma kale.

Bulu akavulala chitani izi. Ngati magazi akutuluka kwambiri, panikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Ikanyowa onjezerani ina pamwamba. Musamange mwendo ndi mphira kapena chingwe. Magazi akaleka, witsani madzi, azizire, musungunule supuni yaing'ono imodzi ya mchere m'theka la lita. Tsukani ndi madzi ambiri, kuthira ndithu mpaka mchenga wonse utachoka. Ikani nsalu yoyera pabala, thonje lokwanira kuzungulira mwendo, kenako bandeji, yosathina kwambiri. Sinthani tsiku ndi tsiku, komanso nthawi iliyonse yanyowa. Nkhani ya ntchentche, imene ambiri mumathirira oyilo, imathera pa bandeji yomweyi ndi kusesa m'khola.

Kenako itanani mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) tsiku lomwelo. Tikubwereza, tsiku lomwelo. Bala lofunika kusoka limasokeka bwino m'maola 6 mpaka 8 oyambirira, likagona limakhala laipa kale. Musadikire n'komwe ngati bala lili pamfundo kapena kumbuyo kwa mwendo kumene kumadutsa mitsempha, ngati pakutuluka timadzi tachikasu tonanda, ngati bulu sakupondetsa mwendowo, kapena walasidwa ndi msomali kuphazi. Kabowo kakang'ono ka pamfundo n'koopsa kuposa bala lalikulu la pachikopa, chifukwa tizilombo tikalowa m'mfundo bulu amatha kupunduka mpaka kalekale. Msomaliwo sungani kuti mlangizi aone pamene unalowa n'kulekeza.

Ndipo musanamizidwe ndi kufatsa kwa bulu. Nyama imeneyi imabisa ululu. Imakoka ngolo uku ikumva kupweteka, osadandaula. Mukaona yangoima, yazolika mutu, yasiya kudya, dziwani kuti zafika poipa, ndipo kusadya kwa masiku ochepa chabe kumatha kuipha.

Pochira pamabwera vuto lina. Nthawi zina bala limamera mnofu wofiira wotumphuka kupitirira chikopa, wosachedwa kukha magazi. Chikopa sichingakwere pamwamba pake kuti chitseke. Apa m'pamene ambiri amathamangiranso ku asidi kuti auwotche. Chonde musatero. Mlangizi amaudula ndi mpeni woyera n'kumanga bwino, ndipo mnofuwo sumva kupweteka podula. Chimaukulitsa ndi kuyendayenda, uve ndi mankhwala owotcha omwewo.

Tikudziwa kuti ngolo ikaima ndalama ya tsikulo yapita. Komabe bulu wabala asakoke mpaka chikopa chitatseka ndipo wasiya kutsimphina. Akhale pouma, udzu ndi madzi zimupeze pomwepo. Akachira ayambe ndi katundu wopepuka pamsewu wosatsetsereka. Chingwe cha m'mwendo chija chisiyeni, mum'mange ndi chingwe chofewa cha kumutu.

Ngati mwathira kale oyilo, musabise mlangizi akafika. Sabwera kudzakalipa. Muuzeni chimene mwathira ndi tsiku limene bulu anavulala, ndipo pomudikira yambani kutsuka ndi madzi amchere aja lero lomwe.