Maawala a ku nursing home aja, sukulu za PA zimawawerenga

Ku America kuno munthu amene wakuyezani ku kiliniki, wakulemberani mankhwala, mwinanso kukusokani bala ku emergency, nthawi zina sakhala dokotala ayi, amakhala physician assistant, ife timangoti PA. Kwa Mmalawi sizovuta kumvetsa, taganizani za clinical officer wa pachipatala cha boma uja amene amaona odwala tsiku lonse mpaka kupanga opaleshoni ya amayi oyembekezera, kungoti kuno PA amaphunzira mpaka master's ndipo amagwira mogwirizana ndi dokotala malinga ndi malamulo a state imene ali. Malipiro ake apakati ndi cha m'ma $130,000 pachaka. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo chimene chimandiwawa ndi kuona achinyamata athu, ku Indiana, ku Seattle ndi kwina, akugwira ma double shift ngati CNA (certified nursing assistant, wothandiza manesi kusamalira odwala) zaka ndi zaka osadziwa kuti chinthu chimene anzawo amavutika kuchipeza kuti alowe sukulu ya PA, maawala ogwira ntchito ndi odwala, iwo ali nacho kale chambirimbiri.

Ntchitoyi inayamba ndi anthu otere. Mu 1965 Dr Eugene Stead wa pa Duke University anatenga anyamata anayi amene ankathandiza odwala ali ku Navy, anthu odziwa ntchito koma opanda mapepala, nkuwaphunzitsa zaka ziwiri. Mayi woyamba kumaliza kosiyi, Joyce Nichols mu 1970, anali wakuda ndipo anayambira pa unamwino wa LPN, wa maphunziro afupiafupi. Ku Seattle, pulogalamu ya MEDEX ya University of Washington anaiyambitsa ndi dokotala wakuda, Richard Smith. Koma lero pa ma PA 100 aliwonse akuda safika 5, pomwe mdziko muno akuda ndi cha m'ma 13 pa 100. Nkhani si nzeru ayi. Mwana amene bambo ake ndi dokotala amadziwa ali first year kuti atenge makosi ati ndipo akagogode kwa ndani, wathuyu amazimva ali ndi zaka 29 pa break room.

Ndiye zofunika zake ndi izi. Digiri yoyamba, ya chilichonse, olo ya business, bola mukhale ndi makosi amene amafuna: anatomy, physiology, chemistry, microbiology, statistics, kawirikawiri psychology. Sukulu zambiri zimavomera makosiwa kuchokera ku community college komwe fizi yake ndi yotsika, koma yang'anani sukulu iliyonse payokha chifukwa zina zimakana za pa intaneti zopanda labu, zina zimati kosi ikadutsa zaka 5 kapena 10 yatha mphamvu mubwerezenso. GPA (avareji ya magiredi anu) yochepetsetsa imene ambiri amalemba ndi 3.0 koma otengedwa ambiri amakhala cha m'ma 3.5. Ndipo chenjerani apa, CASPA, yomwe ndi fomu imodzi imene sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito, imawerenga giredi iliyonse imene munapezapo, F yolephera ya chaka chimene munangofika kumene mukulimbana ndi lendi ija imalowa m'masamu olo munabwereza kosiyo nkukhoza. Musataye mtima, sukulu zina zimaonetsetsa kwambiri ma credit omalizira, ndiye ngati magiredi akukwera zimaoneka.

Tsopano maawala. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Sukulu zimasiyanitsa ntchito imene umagwira wodwala ndi manja ako ndi ntchito yongokhala m'chipatala. CNA, EMT (wa pa ambulansi), medical assistant, wotenga magazi, paramedic, izi zimalowa gulu loyamba ndipo ndi zimene zili ndi mtengo. Kukhala pa reception kapena kusunga mafayilo kumalowa gulu lachiwiri. Sukulu zina sizitchula nambala, zambiri zimafuna pakati pa 500 ndi 2,000, ndipo munthu wa full time amapanga pafupifupi 2,000 chaka chimodzi chokha, ndiye inu wa zaka zinayi pa nursing home mwerengere nokha. Vuto limabwera kwa amene amagwira za live-in m'nyumba za anthu, kulipidwa pamanja, opanda ejensi opanda pay stub. Ntchito ndi yomweyo, kusambitsa, kutembenuza, kuyang'anira shuga, koma palibe amene angakuikireni umboni ndipo sukulu zina home care saiwerenga mofanana. Ngati mapepala anu akulolani, pezani setifiketi ya CNA, imatenga masabata ochepa, mulowe pamalo pamene pali nesi kapena PA amene amakuonani mukugwira, chifukwa yemweyo ndi amene adzakulembereni kalata. Kalata ya abusa ndi yabwino koma komiti yosankha ophunzira ikufuna munthu amene anakuonani muli ndi wodwala wovuta 3 koloko usiku.

Shadowing, kutsatira PA pa ntchito kuti uone zimene amachita, ndi pamene anthu opanda achibale m'chipatala amakakamira. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sumuvutitsa, koma kuno ukakhala chete amayesa sukufuna. Funsani PA amene amabwera kudzaona odwala pamalo panu, ambiri savuta.

CASPA imatsegula kumapeto kwa Epulo ndipo sukulu zambiri zimayamba kuitana anthu ku intavyu mafomu akamafika, osadikira deadline, ndiye wotumiza mu Meyi kapena Juni ndi wotumiza mu Seputembala sali pa mpikisano umodzi olo magiredi afanane. Kwa opeza movutika pali fee waiver, kukhululukiridwa ndalama ya fomu, koma ndi yochepa, imatha msanga. GRE, mayeso olowera maphunziro a master's, sukulu zambiri zinaisiya, osawononga ndalama musanaone ngati zimene mwasankhazo zikuifuna.

Ena amafunsa ngati kukhala wakuda kumathandiza. Kuyambira June 2023 Supreme Court inaletsa masukulu kusankha potengera mtundu wa munthu, koma sinaletse kuti ufotokoze m'nkhani yako mmene moyo wako wakuumbira. Apa ambiri amalakwitsa, amalemba za umphawi wa ku Africa kuti awamvere chisoni, komiti yawerenga zimenezo kambirimbiri. Lembani chimene mumadziwa kuchita, mwina munamasulirapo pakati pa nesi ndi gogo wosamva Chingerezi, mwina ndinu amene munazindikira kuti wodwala wasintha aliyense asanaone. Pa sukulu zoposa 300 zovomerezeka ndi ARC-PA, bungwe loyang'anira sukulu za PA, yang'ananinso zimene cholinga chake ndi kutumikira madera osowa, monga Morehouse School of Medicine ku Atlanta, Charles R. Drew University ku Los Angeles ndi Xavier University of Louisiana.

Ndalama ndiye sindikunamizani, ndi phiri. Kosi imatenga miyezi pafupifupi 27, fizi m'sukulu zambiri za private imadutsa $100,000, ndipo kugwira ntchito uli mkati nkosatheka kwenikweni, kutanthauza kuti amene mumatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi mukambirane ndi abale nthawi ilipo, osati adzangoona zasiya kubwera. National Health Service Corps imalipira fizi ndi kukupatsa kangachepe pamwezi, iwe nkudzagwira zaka zosachepera ziwiri kudera losowa azaumoyo, koma ndi ya ma citizen. Ngongole za boma wa green card amapeza, wa visa ya ophunzira ya F-1 ayi, ndipo sukulu zina sizitenga nkomwe ophunzira a visa. Amene ali m'gulu la asilikali ali ndi pulogalamu yawo ku San Antonio, Texas, amaphunzira akulandira malipiro.

Kwa ma clinical officer a ku Malawi College of Health Sciences kapena Malamulo amene mwafika kuno, dipuloma yanu siikulolani kulemba mayeso a PANCE, opezera setifiketi ya u-PA, amalemba okhawo amene amaliza sukulu yovomerezeka ndi ARC-PA. Mapepala anu awunikidwe ndi WES, bungwe lowunika masetifiketi akunja, kapena bungwe lina limene sukuluyo yatchula, mwina mudzafunika kumaliza digiri ndi kubwereza masayansi kuno, ndipo za maawala amene munagwira kumudzi lemberani sukulu iliyonse mufunse musanalipire fomu, chifukwa zina zimawerenga, zina zimafuna a ku America okha.