Wokana lamulo m'nkhani si mwana wamwano chabe

Chaka ndi chaka ndikamachonga ntchito ya ana a Fomu 4, yankho ndi lomwelo. Mtengambali akangokana lamulo la mudzi, iwo amalemba kuti: "Phunziro ndi lakuti kusamvera akulu kumabweretsa tsoka." Ndatopa nalo. Wolemba sangathe miyezi ali pa nkhani kuti angotiuza zimene agogo amanena m'mawu asanu.

Funsani kuti lamulolo likuteteza yani, ndipo wolikanayo akutaya chiyani. Tengani chilumba cha Mbenje kwathu kuno ku Salima. Akazi sapondako, mowa ndi juga nzoletsedwa, dzinja likafika usodzi amatseka. Malamulo okhwima, koma nsomba zikadalipo chifukwa cha omwewo. Ndiye mukalemba za mnyamata wokaponya ukonde usiku nyengo yotseka, musasandutse amfumu chitsiru. Nkhani imaluma pamene womugwira ndi amalume ake, omwe amamulipirira fizi.

Ife akale tinaziona ndi maso. Nthawi ya Kamuzu Banda, lamulo la 1973 linaletsa akazi thalauza ndi masiketi aafupi, ndipo Censorship Board inkasefa mabuku kuyambira 1968. Alembi ankabisala kuseri kwa nyama ndi zining'a, komabe mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Nayenso tizimuchonga kuti sanamvere akulu?

Yankho loloweza lija limachokera m'timabuku ta "mayankho" togulitsa pamsika komanso kwa ena ophunzitsa patithaimu, amene buku lenilenilo sanalitsegulepo. Makolo, mukutaya ndalama. Mwana akuphunzira kusaona chimene chalembedwa pamaso pake. Nanenso matenda omwewo anandigwirapo.

Mtsikana wina wa Fomu 2 anandilembera nkhani ya namwali wokana kukwatiwa ndi mwini maboti. Namwaliyo sanakalipe, sanathawire ku Lilongwe. Ankangodzuka m'mamawa, kuvala yunifomu, n'kudutsa pakati pa ankhoswe atakhala pamkeka, mayi ake akulira kuseri kwa nkhokwe. Nkhani inathera pomwepo. Ine ndinakonza kalembedwe ka mawu ndi bolopeni yofiira, n'kulemba pansi kuti: "Mathero ake ali kuti?" Ndinati ndicheza naye tikatha mayeso. Teremu yotsatira desiki yake inali yopanda munthu, ndipo anzake anati ali pabanja kudooko.

Aphunzitsi anzanga, mwana akalemba nkhani yotere muitaneni sabata yomweyo, pali mphunzitsi wamkazi, mumufunse mofatsa kuti kunyumba kuli bwanji. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Auzeni ahedi, amayi a mother group, ngakhale a zachitukuko cha ana kuboma, ankhoswe asanapangane tsiku. Akangomwa thobwa la chinkhoswe, kumubweza mwanayo m'kalasi ndi ntchito ya miyezi, ndipo ambiri sabwerera.